Funso la thiransifoma pa mayeso a moko a Fizikisi: tiyeni tiyerekeze mayankho

Wa ku Chipoka:
Anzanga a Fomu 4 amene talemba nanu pepala la pulakitiko la Fizikisi m'mawa uno, ndikupempha kuti tiyerekeze mayankho athu zinthu zikadali m'mutu, makamaka pa funso loyamba lija lotiuza kuti tikonze ndondomeko ya kafukufuku. Kwa amene ali pa gulu lino koma sanalembe nawo mayesowa, funsolo linafuna kuti tifotokoze mmene tingafufuzire kuti voteji yotuluka mu thiransifoma (chipangizo cha makoyilo awiri a waya chokwezera kapena kutsitsira voteji) imasintha bwanji tikasintha chiwerengero cha maulendo amene waya wakulungidwa pa koyilo yachiwiri. Sanatiikire zipangizo patebulo. Anafuna kuti tizitchule tokha, tijambule kalumikizidwe ka mawaya, tinene chimene tikusintha, chimene tikuyeza ndi zimene ziyenera kukhala chimodzimodzi, kenako tifotokoze mmene tingagwiritsire ntchito zotsatira.

Ine ndinasankha bokosi la magetsi la mu labu lopereka mavoti 6 a AC (magetsi osinthasintha mbali) ndi koyilo yoyamba ya maulendo 200. Koyilo yachiwiri ndinayamba ndi maulendo 50 n'kumawonjezera 50 nthawi iliyonse mpaka kufika 300. Ndinaika voltmeter ya AC pa koyilo yachiwiri, ndipo ndinalemba kuti ndidzajambula girafu yokhala ndi voteji ku mzere woimirira ndi maulendo a waya ku mzere wogona. Ndikuyembekezera mzere wowongoka wodutsa pa ziro. Kodi alipo amene analemba zosiyana ndi zimenezi?

Wa ku Lifuwu:
Achimwene, zambiri zikufanana ndi zanga kupatula gwero la magetsi. Ine ndinalemba mabatire anayi a tochi, a mavoti 1.5 lililonse, olumikizidwa motsatizana kuti apereke mavoti 6 omwewo. Ndinaona kuti popeza funsolo linafunsanso za chitetezo, mabatire ndiwo sangavulaze munthu, komanso ndiwo amapezeka pa sukulu pathu, pamene bokosi mukunenalo ena a ife tinangoliona pa chithunzi m'buku. Mavoti 6 ndi mavoti 6 basi, choncho sindikuona chifukwa choti wochonga andichotsere malikisi.

Wa ku Khombedza:
Pepani achimwene a ku Lifuwu, koma pamenepo ndi pamene pagona funso lonse. Mabatire amapereka DC, magetsi oyenda mbali imodzi yokha mosasintha, ndipo thiransifoma siigwira ntchito ndi magetsi otere. Makoyilo awiri aja sakhudzana konse. Chimene chimadzutsa voteji mu koyilo yachiwiri ndi mphamvu ya maginito yodutsa m'chitsulo chapakati, koma pokhapokha mphamvuyo ikamasintha. Mukalumikiza mabatire, mphamvu ya maginito imakwera kamodzi n'kukhazikika, ndipo muvi wa voltmeter udzangodumpha pang'ono pa nthawi imene mukuyatsa switchi, n'kubwerera pa ziro, kenako n'kudumphira mbali inayo mukamazimitsa. Kaya mukulunge maulendo 50 kaya 300, tebulo lanu lidzadzaza ndi maziro. Kuwonjezera apo, waya wamkuwa wa koyilo yoyamba ali ndi resistance (kukaniza karenti) yochepa kwambiri, moti mabatire anuwo adzatha msanga ndipo koyiloyo idzatentha.

Wa ku Lifuwu:
Achemwali, mwavomereza nokha kuti muvi umadumpha. Ngati umadumpha ndiye kuti voteji ilipo, ndipo ngati ilipo ikhoza kuyezedwa. Pa chithunzi changa ndinaikapo switchi, choncho wochonga akhoza kuona kuti munthu angathe kuyatsa ndi kuzimitsa n'kumawerenga pamene muvi wafika.

Mkulu wa ku Ngodzi:
Ang'ono anga, ine ndinalemba MSCE kale ndipo pano ndikuphunzira za magetsi ku MUBAS, koma ndinatsalabe pa gulu lino, ndiye mundilole ndiikepo mawu. Zimene akunena achimwene a ku Lifuwu si zachabe ayi. Umu ndi mmene Michael Faraday anatulukira zimenezi ku London m'chaka cha 1831: anakulunga makoyilo awiri pa mphete yachitsulo, ina analumikiza ku batire ndipo ina ku galvanometer (mita yozindikira karenti), n'kuona kuti muvi unkagwedezeka pokhapokha akamalumikiza kapena kuchotsa batireyo. Ngakhale lero, koyilo yoyatsira injini ya galimoto ya petulo imatenga DC ya batire ya mavoti 12, n'kumaidula mwadzidzidzi kuti koyilo yachiwiri itulutse mavoti masauzande ambiri opita ku mapulagi.

Koma vuto lanu ndi lakuti kukula kwa kudumpha kwa muviko kumadalira kuti karenti yasintha mofulumira bwanji, ndipo zimenezi zimadalira chala chanu ndi kathetheka kwa moto pa switchi. Mukayatsa kasanu mudzapeza manambala asanu osiyana, ndipo diso silingathe kugwira bwino pamene muvi wafika usanabwerere. Mwasintha zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, maulendo a waya ndi kayatsidwe, ndipo pamenepo kafukufuku wafa. Malikisi a gwero la magetsi muwaiwale. Koma ngati munatchula bwino chosintha, choyezedwa, tebulo ndi girafu, mfundo zimenezo zimaima pazokha.

Wa pa Kamuzu Road:
Ine za mabatire ndinazikana msanga, popeza aphunzitsi anabwereza kambirimbiri kuti thiransifoma imafuna AC. Ndinalemba kuti koyilo yoyamba ndidzailumikiza ku soketi ya pakhoma, chifukwa amenewo ndiye magetsi enieni a AC amene tonse tikuwadziwa, a mavoti 230 ndi frequency ya 50 Hz (mafunde 50 pa sekondi). Ubwino wake ndi wakuti manambala ake ndi aakulu, osavuta kuwerenga pa mita, kusiyana ndi timavoti 1.5 timene achimwene a ku Chipoka adzapeza pa koyilo yawo yaing'ono.

Wa ku Chipoka:
Achimwene, tawerengetsani kaye musanakondwe ndi manambala aakuluwo. Lamulo likuti voteji yachiwiri kugawa ndi yoyamba n'chimodzimodzi maulendo a koyilo yachiwiri kugawa ndi a yoyamba. Ngati mwatenga makoyilo onga angawa, pa maulendo 300 mudzatulutsa 230 kuchulukitsa ndi 300 kugawa ndi 200, amene ndi mavoti 345, pa waya amene mukumugwira ndi manja posintha makoyilo. Anga pa maulendo omwewo ndi mavoti 9 okha. Manambala anga onse ndi 1.5, 3.0, 4.5, 6.0, 7.5 ndi 9.0, ndipo voltmeter yowerenga mpaka mavoti 10 ikhoza kuwaonetsa bwinobwino.

Mkulu wa ku Ngodzi:
Achimwene a ku Chipoka anena zoona, ndipo pali zina zowonjezera. Mavoti 230 amene timatchula si nsonga ya funde. Funde la magetsi a pakhoma limakwera mpaka pafupifupi mavoti 325 mbali iliyonse. Komanso koyilo ya maulendo 200 yokulungidwa pa kachitsulo ka mu labu siingathe kulandira mavoti 230. Chitsulocho chidzakhuta maginito, koyilo idzakoka karenti yochuluka, ndipo fyuzi ikachedwa kuduka mudzamva fungo la waya wopserera. Mathiransifoma ang'onoang'ono opangidwira magetsi a pakhoma amakhala ndi maulendo ochuluka kwambiri a waya wowonda ku mbali yoyamba pa chifukwa chimenechi.

Pa chitetezo, wochonga amafuna kuti mutchule choopsa chenicheni ndi njira yochipewera. Kulemba kuti mudzasamala, kapena kuti mudzavala chovala cha mu labu, sikukhudza kafukufuku ameneyu. Zofunika ndi kugwiritsa ntchito voteji yotsika, kuzimitsa magetsi musanasinthe koyilo, ndi kuzimitsanso pakati pa kuwerenga kwina ndi kwina kuti makoyilo asatenthe.

Wa ku Thavite:
Popeza tikukamba za gwero la magetsi, ndifuna mundiweruze nanenso. Sukulu yathu ilibe bokosi la magetsi, ndipo sindinafune kulemba chinthu chimene sindinachigwirepo. Ndinalemba dayinamo ya njinga, ija yooneka ngati kabotolo yokhuza pa tayala. M'kati mwake muli maginito ozungulira pafupi ndi koyilo, choncho imatulutsa AC, ndipo yambiri inalembedwa pa thupi pake kuti 6 V ndi 3 W. Ndinati njinga idzaimikidwa chagada, zishalo pansi, ndipo mnzanga adzapalasa ndi dzanja pamene ine ndikuwerenga.

Wa pa Kamuzu Road:
Achemwali, amene anakwerapo kabaza usiku pa msewu wa ku Senga Bay akudziwa kuti nyali ya dayinamo imawala njinga ikathamanga ndipo imazilala ikafika pa mchenga. Voteji ya dayinamo imatsata liwiro la tayala, ndipo frequency nayo imatero. Mnzanuyo akatopa pa koyilo yachisanu, manambala anu adzatsika osati chifukwa cha maulendo a waya koma chifukwa cha mkono wake. Vuto lanu ndi lomwe lija la achimwene a ku Lifuwu.

Wa ku Thavite:
Zimenezo ndinaziganizira, n'chifukwa chake ndinaika ma voltmeter awiri, ina pa koyilo yoyamba ndi ina pa yachiwiri, kuti anthu awiri aziwerenga pa nthawi imodzi wina akapereka chizindikiro. Pa tebulo langa pali danga lachinayi la voteji yachiwiri kugawa ndi yoyamba, ndipo girafu yanga ndi ya nambala imeneyo ndi maulendo a koyilo yachiwiri. Mnzanga akafooka, mavoteji onse awiri amatsika limodzi, koma kugawana kwawo sikusintha. Ndinalemba kuti mzere udzakhala wowongoka ndipo kupendekeka kwake kudzakhala 1 kugawa ndi maulendo a koyilo yoyamba, kutanthauza 0.005 ngati koyiloyo ndi ya maulendo 200.

Mkulu wa ku Ngodzi:
Yankho limeneli ndi limene landisangalatsa koposa onse mpaka pano, ngakhale kuti dayinamo si chipangizo chimene wolemba funso ankachiyembekezera. Achemwaliwa aona chinthu chimene sangathe kuchigwira kuti chisasinthe, ndipo m'malo mochibisa achiyeza n'kuchichotsa mu masamu. Chenjezo langa ndi limodzi lokha: tayala lisazungulire pang'onopang'ono, chifukwa frequency ikatsika kwambiri koyilo yoyamba imakoka karenti yambiri, voteji ya dayinamo imagwa, ndipo mita imayamba kugwedezeka moti kuwerenga kumavuta. Mukanawonjezera kuti wopalasa azitsata kugunda kwa wotchi, monga kuzungulitsa pedulo kamodzi pa sekondi, ndondomeko yanu ikanakhala yokwanira.

Wa ku Khombedza:
Nkhani ya voltmeter yachiwiriyi ikukhudza tonse, si a dayinamo okha. Ine ndinagwiritsa ntchito bokosi la mu labu ngati achimwene a ku Chipoka, koma ndinaikabe voltmeter pa koyilo yoyamba, n'kulemba kuti ndisanawerenge voteji yotuluka ndidzayamba ndaona kuti yolowa ikadali pa mavoti 6.0, ndipo ngati yasuntha ndidzaibwezera. Zina zimene ndinati zisasinthe ndi maulendo a koyilo yoyamba, frequency ya magetsi, chitsulo chapakati, ndi mtundu wa waya. Pa chitsulo ndinafotokoza kuti zidutswa ziwiri zija zooneka ngati chilembo C ziyenera kupanidwa zolimba mofanana nthawi iliyonse ndikasintha koyilo, chifukwa pakatsala kampata, mphamvu ina ya maginito imathawira kunja osadutsa mu koyilo yachiwiri. Mmene ndikuonera, funso la mtundu umenewu silifunsa ngati tikudziwa lamulo la thiransifoma, limene aliyense analiloweza pamtima. Likufunsa ngati munthu wina angatenge pepala lathu, n'kulowa nalo mu labu, n'kuchita kafukufukuyo popanda kutifunsa kanthu.

Wa ku Chipoka:
Achemwali, ine ndinalemba kuti voteji yolowa idzakhala mavoti 6 nthawi zonse, ndipo bokosilo lili ndi malo olembedwa kuti 6 V. Kodi pakufunikanso mita yotsimikizira zimene wopanga bokosi analemba kale?

Wa ku Khombedza:
Ikufunika, achimwene, chifukwa m'kati mwa bokosilo mulinso thiransifoma yotsitsa magetsi a pakhoma. Magetsi a pakhoma akatsika, monga amachitira madzulo anthu ambiri akayatsa mbaula ndi zitsulo zositira, mavoti 6 aja amatsika nawo. Komanso bokosi likamakokedwa karenti yambiri, voteji yake imagwa pang'ono. Zolembedwa pa bokosi zimangotiuza zimene liyenera kupereka, pamene mita imatiuza zimene likupereka pa nthawiyo. Kunena kuti chinthu sichisintha ndi mfundo imodzi, ndipo kunena mmene mudzadziwire kuti sichinasinthe ndi mfundo ina.

Wa ku Senga Bay:
Ine pa koyilo yachiwiri ndinaikapo babu wa mavoti 6 pamodzi ndi voltmeter, kuti kuwala kwa babuyo kuzionetsanso kuti voteji ikukwera. Ndinaona kuti thiransifoma yopanda chinthu choyatsa ili ngati yosamalizidwa, popeza zithunzi zambiri za m'mabuku zimakhala ndi babu.

Wa ku Khombedza:
Babuyo akuwonongerani mzere, achemwali. Voltmeter payokha imakoka karenti yochepa zedi, moti imaonetsa voteji yonse imene yadzutsidwa mu koyilo. Mukaika babu, karenti imayenda mu waya wa koyilo, ndipo gawo lina la voteji limathera mu waya momwemo. Maulendo akachuluka waya amatalika, karenti imakula, kutayika kumakulanso, ndipo girafu yanu idzayamba kupindikira pansi ku mapeto. Resistance ya babu nayonso imakwera kawaya ka m'kati kakatentha, ndiye mwabweretsa chinthu china chosintha chimene funso silinapemphe. Pa maulendo 300, pamene voteji ikuyandikira mavoti 9, babu wa mavoti 6 akhoza kupsa kumene.

Wa pa Kamuzu Road:
Pa nkhani ya waya ndi chitsulo ndikuganiza kuti pamenepo ndinakolola. Amalume anga amakonza mawailesi, ndipo ndinawaonapo akuphwasula thiransifoma ya wailesi yakale. Waya wake amaoneka ngati mkuwa wosavala, koma amakhala wopakidwa vanishi wopyapyala, ndipo amalume asanawotcherere amayamba apala nsonga zake ndi lezala mpaka mkuwa uwale. Choncho ndinalemba kuti waya akhale wokutidwa, kuti mizere yogundana isadutsitse magetsi chachidule, ndi kuti nsonga zipalidwe zisanalumikizidwe ku mita. Chitsulo chapakati sichinali chimodzi cholimba ayi, koma timalata tambirimbiri topyapyala tooneka ngati zilembo E ndi I, tolowetsanalowetsana, ndipo amalume ankatisolola kamodzikamodzi ndi pulayala. Ndinalemba kuti chitsulo chikhale cha timalata totere, ngakhale sindinafotokoze chifukwa chake.

Mkulu wa ku Ngodzi:
Chifukwa chake ndi ichi. Chitsulo nachonso chimadutsitsa magetsi, ndiye mphamvu ya maginito yosinthasintha ija imadzutsa timakarenti tozungulira m'kati mwa chitsulo momwemo, timene m'mabuku timatchedwa eddy currents. Timeneti timatenthetsa chitsulo n'kuwononga mphamvu. Mukadula chitsulocho kukhala timalata tokutidwa, njira za timakarentito zimafupika ndipo kutentha kumachepa. Chitsulocho chiyeneranso kukhala chotenga maginito msanga ndi kuwataya msanga, n'chifukwa chake timalemba soft iron. Amene analemba chitsulo cholimba chosunga maginito, chonga cha maginito a sipika, ataya malikisi pamenepo, chifukwa chitsulo chotere chimakana kutembenuka ndipo mphamvu yambiri imathera pochikakamiza.

Wa ku Senga Bay:
Tapitani ku funso lachiwiri, la chithunzi cha funde la magetsi pa oscilloscope, lotifunsa frequency ndi voteji ya rms (voteji ya DC imene ingatenthetse waya mofanana ndi AC), chifukwa pa chipata cha sukulu ndinamva mayankho atatu osiyana. Ine ndinapeza frequency ya 100 Hz ndi voteji ya rms ya mavoti 8.5. Ndinawerenga timabokosi tiwiri kuchokera pamene funde ladutsa mzere wapakati kufika pamene laudutsanso, ndipo kabokosi kalikonse kanali 5 ms (masekondi 0.005), zimene zikupereka 10 ms. Pa voteji ndinawerenga timabokosi 6 kuchokera pansi pa funde kufika pamwamba, kuchulukitsa ndi mavoti 2 pa kabokosi, n'kupeza 12, kenako n'kugawa ndi 1.41.

Wa ku Chipoka:
Anga ndi 50 Hz ndi mavoti 4.2. Funde lathunthu ndi phiri limodzi ndi chigwa chimodzi, ndipo pa chithunzi chija zinatenga timabokosi 4, kutanthauza 20 ms kapena masekondi 0.02. Mukagawa 1 ndi 0.02 mupeza 50. Timabokosi tiwiri timene munawerenga ndi theka la funde. Njira yotsimikizira ndi yakuti chithunzi chonse chinali cha timabokosi 10 m'lifupi ndipo munali mafunde awiri ndi theka. Pa voteji, nsonga imayezedwa kuchokera pa mzere wapakati kufika pamwamba, timabokosi 3, amene ndi mavoti 6. Mukagawa 6 ndi 1.414 mupeza 4.2. Mavoti 12 anuwo ndi ochokera nsonga ina kufika nsonga inzake, ndipo amayenera kugawidwa pawiri kaye.

Wa ku Senga Bay:
Pa voteji ndamva, koma pa frequency sindinakhutire. Aphunzitsi athu anatiuza m'kalasi kuti magetsi a m'nyumba amasintha mbali maulendo 100 pa sekondi, ndipo ndinazilemba m'kope mwanga. Kodi aphunzitsiwo analakwitsa?

Mkulu wa ku Ngodzi:
Aphunzitsi anu sanalakwitse. Pa funde limodzi lathunthu karenti imatembenuka kawiri, koyamba ikamaloza mbali ina ndipo kachiwiri ikamabwerera, choncho mafunde 50 amapereka kutembenuka kokwana 100. Koma frequency imawerenga mafunde athunthu, ndiye yankho la funsolo ndi 50 Hz. Nambala ya 100 ija mukhoza kuimva ndi makutu mukaima pafupi ndi thiransifoma ya pa mapolo usiku kuli zii: kulira kwake kwa mmmm kumachokera ku chitsulo chimene chimafinyika pang'ono nthawi iliyonse maginito akafika pachimake, kaya mbali iyi kaya inayo, kutanthauza maulendo 100 pa sekondi.

Yankho lachitatu limene munamva pa chipata liyenera kuti linali mavoti 6, la amene anasiyira pa nsonga osagawa, kapena ziro, la amene anaganiza kuti phiri ndi chigwa zimafafanizana. Zimafafanizanadi mukafuna avareji wamba, ndipo n'chifukwa chake voltmeter ya DC yoikidwa pa AC imangonjenjemera pa ziro. Koma kutentha sikusamala za mbali. Mukatikita zikhatho zanu zimafunda popita ndi pobwera pomwe. Voteji ya rms ndi voteji ya DC imene ikanatenthetsa waya mofanana ndi AC imeneyo, ndipo pa funde la mtundu wa sine imapezeka pogawa nsonga ndi 1.41. Voltmeter ya AC imene nonse munaika pa funso loyamba imaonetsa rms imeneyi, osati nsonga.

Wa ku Lifuwu:
Akulu, ndikadali pa nkhani ya DC, chifukwa pali chinthu chimene sichikundilowa. Kuno ku Salima tili ndi munda waukulu wa masola, ndipo tinaphunzira kuti sola imatulutsa DC ngati batire. Ngati thiransifoma siigwira ntchito ndi DC, magetsi amenewo amalowa bwanji m'mawaya a ESCOM? Funso lachitatu lija, lofunsa chifukwa chimene magetsi amatumizidwira kutali pa voteji yokwera, ndinaliyankha poganizira zimenezi.

Mkulu wa ku Ngodzi:
Funso labwino, ndipo yankho lake likutsimikizira zimene achemwali a ku Khombedza ananena poyamba. Malo amenewo ndi a kampani ya JCM Power, amatulutsa mamegawati 60, ndipo anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2021. Masola ake amatulutsadi DC, koma magetsiwo amayamba adutsa mu ma inverter, makina amene amawadula ndi kuwatembenuza mofulumira kuti akhale AC ya 50 Hz yoyendera limodzi ndi ya m'mawaya a dziko lonse. Akatero m'pamene thiransifoma imawakweza kuti alowe pa siteshoni ya ESCOM ya Nanjoka. Ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, kumene EGENCO imapanga magetsi ndi madzi, ma inverter safunika, chifukwa majenereta ozungulira amatulutsa AC mwachibadwa, monga dayinamo ya achemwali a ku Thavite.

Pa funso lachitatulo, yankho lofunika linali lakuti mphamvu yotumizidwa ndi voteji kuchulukitsa ndi karenti, choncho mukakweza voteji karenti imachepa, ndipo mphamvu yotayika ngati kutentha m'mawaya imatsata karenti yochulukitsidwa ndi yokha, kuchulukitsanso ndi resistance. Mukachoka pa mavoti 33,000 n'kupita pa 132,000, amene onse amagwiritsidwa ntchito m'mawaya a m'dziko muno, voteji yakwera kanayi, karenti yatsika kanayi, ndipo zotayika zatsika maulendo 16 pa waya yemweyo. Amene analemba kuti voteji yokwera imathamangitsa magetsi kuti afike msanga sanalase.

Wa ku Lifuwu:
Ine ndinalemba kuti karenti imachepa ndipo mawaya satentha kwambiri, koma za kuchulukitsa ndi yokha sindinatchule.

Wa ku Khombedza:
Mfundo yaikulu munaigwira, achimwene. Ine ndinawonjezera kuti karenti ikachepa angathe kugwiritsa ntchito mawaya owonderako, amene ndi otsika mtengo ndiponso opepuka pa mapolo.

Wa ku Thavite:
Ndibwerere pang'ono ku girafu ya funso loyamba. Tonse tikunena kuti mzere udzakhala wowongoka wodutsa pa ziro, koma zimenezo ndi za thiransifoma yopanda chilema. Ine ndinawonjezera kuti manambala enieni adzakhala otsikirapo pang'ono poyerekeza ndi a masamu chifukwa cha maginito othawira kunja, kuti pa koyilo iliyonse ndidzawerenga katatu n'kupeza avareji, ndi kuti ndidzajambula mzere wodutsa pakati pa madontho, osati wolumikiza dontho ndi dontho. Mayeso enieni a MANEB asanafike ndikufuna ndiyesere ndekha. Mlongo wanga ali ndi multimeter ija yachikasu yogulitsidwa pa msika, ndipo achimwene a pa Kamuzu Road akandipezera timalata ndi waya kwa amalume awo, njinga ilipo kale. Akulu, kodi mita imeneyo ingakwanire?

Mkulu wa ku Ngodzi:
Ingakwanire, koma muyambe mwayang'ana mbali yake ya AC, yolembedwa V ndi kachizindikiro kokhotakhota pambali. Mamita ambiri otsika mtengo a mtundu umenewo ali ndi malo awiri okha a AC, 200 ndi 750 kapena 600, ndipo anapangidwira kuyeza magetsi a pakhoma. Pa malo a 200 mita imasintha ndi mavoti 0.1, ndipo pa voteji yotsika kwambiri imawerenga mopereweza chifukwa cha diode (kachipangizo kolola karenti kuyenda mbali imodzi yokha) imene ili m'kati mwake, moti dontho lanu la mavoti 1.5 likhoza kugwera pansi pa mzere ngakhale thiransifoma ili bwino. Choncho koyilo yachiwiri muyambire pa maulendo 100 kapena 150 n'kumakwera mpaka 400. Musavutike kumasula ndi kukulunganso waya nthawi iliyonse: kulungani koyilo imodzi yaitali, ndipo mukakwanitsa maulendo 50 alionse tulutsani kagoba ka waya kunja, kapotokoleni, n'kupitiriza kukulunga. Mukamaliza palani vanishi pa tigoba tonseto, ndipo mudzangosuntha waya wa mita kuchoka pa kagoba kena kupita pa kena, chitsulo chapakati osachikhudza n'komwe. Tigobato tisagundane tokhatokha. Mudzafunikanso kubwereka mita yachiwiri ya pa koyilo yoyamba, ndipo musanayambe muziike zonse ziwiri pa dayinamo nthawi imodzi kuti muone ngati zikuwerenga zofanana.